A Madamu amene ankatulutsa ana m'kalasi

Khalani pansi. Iwe Limbani, foniyo ika m'thumba, siithawa. Tiyamike, sendera kuno, makutu angawa ndi akale.

Ndamva kudandaula kwanu. Akuti aphunzitsi anakutulutsani m'kalasi, mwakhala padzuwa mukuyeza bwalo la mpira ndi chingwe. Akuti mwapsa. Ndakuyang'anani bwinobwino, palibe wapsa. Imapsa ndi mbatata.

Ine sindine munthu wa nkhani. Wailesi ya pakhomo pano ndi agogo anu aakazi. Koma iyi ndinena ndekha, chifukwa iwo akainena amathira mchere wambiri. Ndi nkhani ya a Madamu Chirwa, mphunzitsi wa mayi anu. Makolo a pasukulu yathuyi tinatsala pang'ono kuwathamangitsa. Mlandu wawo unali womwewu, kutulutsa ana panja.

Ndiyambe ndi ine.

Sukulu yanga inali ya mishoni, cha ku Wimbe uko. Kalasi kunalibe. Kunali tchalitchi chofolera ndi udzu, ndipo mmenemo munkaphunzira akuluakulu okha. Ife ang'onoang'ono tinali a pabwalo. Kope lathu linali dothi. Umasalaza ndi chikhatho, n'kulemba ndi chala. Ukamaliza samu umaizunguliza mzere, n'kukhala pambali kudikira aphunzitsi adzachonge. Vuto linali mbuzi. Mbuzi za pamishoni zinkakonda samu kuposa ife. Ikangodutsa imodzi, ntchito yonse yapita. Ndipo aphunzitsi sankakwapula mbuzi.

Kuwerengera tinkawerengera ndi timitengo, tomanga kamtolo ndi luzi. Sileti ndinaigwira mochedwa, n'kuiswa msanga. M'thumba la kabudula munkakhala chimanga chokazinga. Nyengo ya masuku, masuku. Inu mukapanda kupatsidwa ya mandasi mumati dziko laipa.

Panali phunziro lina, ankalitcha zaulimi. Apa mumvetsere. Zaulimi zinkatanthauza munda wa aphunzitsi. Mvula ikagwa, aliyense abwere ndi khasu. Tinkapalira, tinkabandira, tinkakolola, tinkatonola. Palibe anatiuzapo chifukwa chake mizere imapingasa pamalo otsetsereka, kapena chimene chimasandutsa masamba achikasu. Tinkangolima. Chimanga chinkalowa m'nkhokwe ya aphunzitsi, ife n'kulandira mawu akuti mwachita bwino. Aliyense wa msinkhu wanga kuno anadutsa mmenemo. Choncho tinakula tikudziwa chinthu chimodzi. Mphunzitsi akatulutsa mwana ndi khasu, ndiye kuti wapeza waganyu waulere.

Sukulu ndinalekeza panjira, ku pulayimale komweko. Ndinalowa m'fodya. Fodya salola munthu kukhala pansi. Nyengo ya dzuwa uli kudambo ndi makheni awiri, kuthirira nazale. Mvula ikagwa ukuwokera. Kenako kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo pa jeke. Ukati upume, nazale ina yayamba. Ndinakwatira agogo anu ndili ndi chigafa chimodzi ndi njinga yopanda mabuleki. Ankakwera kumbuyo akupemphera. Patapita zaka ndinagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Ngoloyo inandipatsa ulemu umene sukulu sinandipatse.

Tiyamike, usaseke. Njingayo inakafika ku Chamama n'kubwerako kambirimbiri. Chidendene ndicho chinali buleki.

Ndiye inabwera sukulu yaulere. Ana anatuluka m'midzi ngati inswa. Makalasi anachepa. Ana athu ambiri ankaphunzira pansi pa mitengo ya mango, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Kukachita mitambo, aphunzitsi ankangoti thawani. Mphepo ikawomba, bolodi pansi. Galimoto ikadutsa pamsewu, anthu a mkatimo ankasuzumira, ena n'kumaloza. Zinkatiwawa. Ife tinaphunzira pafumbi, ana athunso pafumbi?

Tinagwirizana zoumba njerwa kuti timange buloko ya makalasi. Mudzi uliwonse unali ndi tsiku lake. Amuna kuponda dothi ndi kugwira chikombole, amayi kutunga madzi ndi kututa mchenga. Ine anandilowetsa m'komiti ya sukulu. Si chifukwa cha nzeru ayi, ndi ngolo ija. Wapampando anali alamu anga a Lufeyo, achimwene awo a agogo anu aakazi. Mukuwadziwa. Nthawi imeneyo mawu anali ochuluka kuposa lero, ngati mungakhulupirire. Tsiku lina tikupasula uvuni, njerwa inawagwera pachala chachikulu cha kuphazi. Chikhadabo chinachoka, sichinamerenso bwino. Kuyambira pamenepo buloko ija inali yawo. Akamaitchula ankati buloko yanga, n'kuloza chalacho.

Malata anathandiza ena akufuna kwabwino. Buloko inatha. Zipinda ziwiri, pansi pa simenti, mawindo a zibowo za njerwa. Tsiku lotsegulira amayi anavina chimtali. A Lufeyo anaima pakhonde, atavala jekete, n'kulengeza kuti mwana wa kuno sadzaphunziranso panja ngati nkhuku. Tinawomba m'manja. Inenso ndinawomba.

A Madamu Chirwa anabwera buloko ikadanunkha laimu. Anali a cha ku Nkhamenya, kumpoto uko. Aafupi, oyenda mofulumira, Chichewa chawo chokhala ndi kakomedwe ka Chitumbuka. Amuna akuluakulu ankatitchula kuti adada. Pasukulu yonse mphunzitsi wamkazi anali iwo okha. Anawapatsa Sitandade 6, m'chipinda chatsopano. Mmenemo ndi mmene munali Esinati, mayi anu.

Masiku oyamba kunali bata. Kenako tinayamba kukumana ndi ana m'njira nthawi ya sukulu, ali pamzere, a Madamu patsogolo. Lero ali kudambo, akuyang'ana mbululu m'chithaphwi. Mawa ali pachulu, akufinya dothi m'manja, ili la pachulu, ili la mchenga, kuona limene likusunga madzi. Mkuja azika ndodo pabwalo, akuyeza mthunzi wake. Chipinda cha simenti chili mbee, mukungolowa abuluzi.

Anthu anayamba kung'ung'udza, koma chapansipansi. Kunyumba kwanga ndinangoona kuti Esinati wasintha. Mwana uja anatengera ine, mawu ankachita kumukoka. Tsopano anayamba mafunso. Bwanji pansi pa mtengo wa msangu chimanga chimakula bwino? Bwanji nazale timaiphimba ndi udzu? Tsiku lina ndinamupeza akuyeza chigafa changa ndi chingwe, n'kundiuza kuti mbali imodzi ndi yaitali kuposa inzake. Ndinamuuza kuti fodya sanadandaulepo.

Chimene chinayatsa moto ndi ndowe.

Zinali zaka za makuponi ogulira feteleza motchipa. Inu feteleza mumangomuona m'sitolo. Nthawi imeneyo kapepala kamodzi kankadanitsa anthu obadwa bere limodzi. Mayina akamawerengedwa, ngakhale wodwala ankadzuka pamphasa. Makuponi ankabwera ochepa. Thumba limodzi tinkagawana mabanja awiri, pena atatu, kuyeza ndi ndowa, aliyense diso lili pa dzanja la mnzake. Ukapeza kuponi, ukaime pamzere ku Chamama mpaka miyendo ichite dzanzi. Aphunzitsi sankapatsidwa. Ankati iwo ali pamalipiro, adzigulire okha.

Ndiye a Madamu anauza ana kuti aliyense abweretse ndowe za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku, phulusa, ndi madeya pang'ono. Abwerenso ndi makasu.

Samu yake inali yosavuta, ngakhale kwa ife olekeza panjira. Mphunzitsi alibe kuponi. Akufuna ndowe. Ana anyamula makasu. Yankho aliyense analipeza nthawi yomweyo.

A Lufeyo anabwera pakhomo pano m'mamawa, osagogoda, osapereka moni. Anali atakumana ndi mdzukulu wawo wamkazi atasenza chidebe cha ndowe, atavala yunifolomu. Anavula nkhwaira n'kundionetsa phazi.

"Alamu, chala changachi chinaphwanyikira ndowe?"

Ndinati sindikudziwa, ine sindine dokotala.

Anati nthabwala ndisiye. Anati tinamanga buloko kuti ana azikhala mkati ngati ana a anthu, osati azilimira munthu amene amalandira malipiro. Komiti iitane makolo onse. Akavomereza, tipite ku zoni kwa akuluakulu a maphunziro tikanene kuti mayi ameneyu sitikumufuna. Ndipo makolo a kuno akakana mphunzitsi, mphunzitsiyo sakhala.

A hedi zinawadetsa nkhawa. Anatiuza mosabisa kuti a Madamu akachoka, wina sabwera msanga, chifukwa kuno n'kutali ndi tauni ndipo aphunzitsi amakukana. Koma a hedi anali munthu wofatsa, mawu awo sankapitirira khonde. Chimene anakwanitsa n'kupempha kuti msonkhano usanachitike, mmodzi wa komiti akaone yekha. Anasankha ine. Anati ine sindichedwa ndi kulankhula.

Ndinapita. Kuseri kwa buloko ndinapeza chisakasa cha udzu chachitali ndithu, chomangidwa ngati chigafa. Anamanga ndi ana omwewo. Pansi pake panali dzenje la manyowa ndi timachubu ta mbande za mitengo. Pambali pake mabedi atatu a chimanga chothirira, chofika m'mawondo. Madzi ankatunga pamjigo ndi makheni. Bedi loyamba anathira feteleza wodzaza dzanja, amene a hedi anapereka. Lachiwiri manyowa. Lachitatu sanathire kanthu.

A Madamu anandiona. Anati, "Mwafika, adada," n'kundilozera njerwa yoti ndikhalepo. Sanadziteteze, sanafotokoze. Anapitiriza phunziro.

Ana anali ndi timitengo todulira muyeso. Ankayeza phesi lililonse, n'kulemba. A Madamu anafunsa chifukwa chake bedi lachitatu lili lachikasu. Wina anati dzuwa. Wina anati dzuwa ndi limodzimodzi pa mabedi onse, iwe. Wina anati madzi. Anayamba kukangana. A Madamu ankangofunsa kuti mwadziwa bwanji, tionetseni. Amene ankatsutsa anyamata mwamphamvu, dzanja m'chiuno, anali Esinati. Ndinachita kuyang'ana kawiri.

Ana atapita kukatunga madzi, ndinafunsa funso limene ananditumira. Chimangachi adye ndani?

A Madamu anayang'ana mabedi aja, n'kundiyang'ana ine.

"Apa, adada? Ngakhale nkhuku zanga sizingakhute."

Ndinafunsanso chifukwa chake osaphunzitsira mkati. Anati mkati amaphunzitsiramo, zolemba ndi zowerenga. Koma buku la sayansi ndi limodzi pa ana ambirimbiri, ndipo m'bukumo dothi ndi chithunzi. Panja dothi lilipo lokwanira aliyense. Anatinso makolo a ana amenewa akugawana thumba limodzi mabanja atatu, ndiye si bwino mwana adziwe ndi maso ake chimene ndowe zingachite ndi chimene sizingachite?

Ndinabwerera kwa a Lufeyo. Ndinati munda wake ndi ngati mphasa zitatu. Anati chiswe chimayamba ndi kadothi kochepa. Chaka chino mphasa zitatu, chaka chamawa ekala. Anati ndanyengeka ndi kutchulidwa adada. Msonkhano uchitika basi.

Agogo anu aakazi anakumana ndi a Madamu pamjigo masiku amenewo. Anabwera atakhumudwa. Anati mayi uja wayamba kale kusonkhanitsa makatoni m'magolosale. Akuti kusamuka sakuopa, anasamukapo kale. Chimene chikuwawa n'kuchoka ndi dzina loti ankabera ana thukuta, chifukwa dzina limafika kusukulu yatsopano munthu asanafike. Esinati tsiku limenelo sanadye. Ananena kuti a Madamu akachoka iyenso sukulu basi. Ndinamuuza kuti zimenezo anena ndine. Koma ndinamva.

Tsiku linafika. Unali mwezi wa Okutobala, masana. A Lufeyo analamula kuti msonkhano uchitikire m'buloko momwemo, kuti makolo aone ndi maso chimene a Madamu akunyoza. Anthu anabwera ochuluka kuposa tsiku lotsegulira. Zaka zimenezo msonkhano uliwonse unkadzaza, ngakhale wa katemera wa agalu, chifukwa munthu ankaganiza kuti mwina kumapeto atchula za makuponi.

Tinalowa. Tinapanikizana pasimenti, amayi uku, abambo uku. A Madamu anakhala pakona, manja pamiyendo. A Lufeyo anaima kutsogolo, jekete ili pathupi.

Tsopano mvetserani. Buloko imeneyo tinaimanga ndi manja athu, koma panalibe kholo limene linakhalamo masana. Tinkaiona podutsa, n'kumati koma ndiye yokongola. Kudenga kunalibe siling'i. Malata anali pafupi ndi mutu, akulira okha ndi dzuwa, the, the, the. Zibowo za mawindo zinkalowetsa kuwala, mphepo ayi.

A Lufeyo anayambira patali. Anayamba ndi chikombole. Pamene ankafika pa uvuni, malaya a anthu anali atamatirira kumsana. Makanda anayamba kulira, mmodzi, kenako onse. Amayi ankadzipepesa ndi nsonga za zitenje. Pamene ankafika pa chala, anavula jekete, osasiya kulankhula. Thukuta linkatsika pamphuno n'kudontha pansi.

Panali gogo wina wa kutsidya kwa dambo, a Nasimango. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira ndodo. Sanapemphe mwayi wolankhula.

"Kodi ana amakhala muno mpaka kuweruka? Muno mukanapachikamo fodya, bwenzi mutagulitsa kale."

Anatuluka. Mayi wa khanda anatsatira. Kenako wina, kenako wina. Palibe ananena kuti tituluke. Chipinda chinangokhuthuka ngati thumba lobooka. A Lufeyo anatuluka pomalizira, jekete pamkono, akulankhulabe.

Kutsogolo kwa buloko dzuwa linali lowaula. Mthunzi unali kuseri, pakhoma ndi pansi pa chisakasa cha ana chija. Anthu anathamangira kumeneko. Posakhalitsa msonkhano wonse unali utazungulira mabedi atatu aja.

Mlimi ali ndi nthenda imodzi. Saima pamunda wa wina osaupeza cholakwa. A Lufeyo anayesa kupitiriza za chala, koma maso a anthu anali pa chimanga. Wina anati mapando atalikirana kwambiri. Wina anati ayi, ndi momwemo, alangizi amatero. Mayi wina anagwada, n'kufukula bedi la manyowa, n'kununkhiza, n'kuti manyowawa sanapse bwino, anafulumira kuthira. Mwana wake yemwe, ali chapatali, anayankha kuti n'zoona, a Madamu anatero kale, dzenje lachiwiri alisiya lipse. Anthu anaseka.

Ndinaona a Lufeyo akusendera. Anasiya kulankhula. Ananjuta, n'kutapa dothi la bedi lapakati, n'kulifikisa ndi zala. Anapukusa mutu. Anati ndowe zokha n'kutaya nthawi. Manyowa enieni ndi mapesi a fodya, odula tizidutswa, osakaniza ndi zinyenyeswa za m'chigafa. Iwo dimba lawo amathira zimenezo, ndipo bedi lotero lingapose ngakhale la fetelezalo.

Bambo wina wochokera ku Lisasadzi, mkamwini wa m'mudzi wapafupi, anati bodza. Mapesi a fodya amaotcha mbewu. A Lufeyo anaimirira. Anafunsa kuti mkamwini wayamba liti kudziwa dothi la eni ake. Uja anati dothi silifunsa kumene munthu anabadwira. Anthu anagawikana pawiri, ena uku, ena uku. Za makatoni, za zoni, palibe ankazikumbuka.

A Lufeyo anatembenukira kwa a Madamu, koyamba tsiku limenelo, n'kuwafunsa kuti buku likuti chiyani. A Madamu anati sakudziwa. Mapesi a fodya sanayesepo. Kenako analoza kumapeto kwa bedi lachitatu.

"Malo alipo apo, adada. Bedi lachinayi likwana. Inu mudzationetse kathiridwe kake, ana adzayeza."

A Lufeyo anati abweretsa mapesi mawa lomwe, ndipo mkamwini uja adzabwere adzaone manyazi ake akukula tsiku ndi tsiku.

Apo a hedi anatsokomola. Anakumbutsa anthu, ndi mawu awo aang'ono aja, kuti nkhani imene tinasonkhanira sinathe. Kodi komiti ipite ku zoni kuti a Madamu achoke?

A Lufeyo anawayang'ana ngati afunsa zamisala.

"Achoke apite kuti? Nanga bedi langa ayeze ndani?"

Msonkhano unathera pomwepo. Sitinakweze manja. A Nasimango anangofunsa ngati za makuponi zilipo, atamva kuti palibe, anapita.

M'mawa mwake a Lufeyo anadutsa pamsewu apo, thumba la mapesi pakaliyala ya njinga, khasu paphewa, akulowera kusukulu. Mdzukulu wawo uja ankathamanga pambuyo ndi kheni. Agogo anu aakazi ndiwo anawakuwira kuti achimwene, mwaiwala yunifolomu. Makatoni aja a Madamu anagawira ana kuti azikhalira pansi pa chisakasa.

Mukufuna kudziwa bedi limene linapambana. La feteleza linatsogola, la manyowa pambuyo pake pafupi. La a Lufeyo linagonja. Anati n'chifukwa linadzalidwa mochedwa, ndipo apo ananena zoona. Anapempha kuti mvula ikagwa abwereze, onse adzale tsiku limodzi. Anabwereza. Linagonjanso, koma pang'ono. Anati mbewu inali yolakwika. Chaka chinacho anati mvula inadula. China anati ana anayeza mokondera. Chaka chilichonse ankapita okha kwa a hedi kukatsimikiza kuti a Madamu asasamutsidwe mlandu wa mapesi usanathe. Mayi anu anamaliza pulayimale, anapita ku sekondale, anabwerako, mkangano ukadalipo. A Madamu anamera imvi pasukulu pano akudikira kuti alamu anga avomere.

Sanavomere. Mukakumana nawo kutchalitchi musawafunse, mudzaweruka madzulo.

Ndatha. Dzukani, ng'ombe sizinamwe.